Chipere cha Tokue: Kuweruza Chithunzithunzi cha An

Mwa zithunzithunzi za ku Japan zimene zimasimba moyo wa tsiku ndi tsiku mopanda phokoso, choyenera kuti mphunzitsi achilingalire ndicho An, chimene mayi Naomi Kawase anakonza m'chaka cha 2015, potengera buku la Durian Sukegawa.

Nkhani yake njaifupi. Sentaro agulitsa tizitumbuwa totchedwa dorayaki, timene pakati pake aikapo chipere chotsekemera cha nyemba, koma chiperecho nchogula, chopanda kukoma. Tsono pafika nkhalamba Tokue, wa zaka 76, wa zala zopindika, napempha ntchito. Iye alawira mbandakucha kutsuka nyemba, kuziwiritsa ndi kuziyembekeza mpaka zitapsa, ndipo ogula achuluka. Koma mbiri itawanda kuti anadwalapo khate, ogula omwewo aleka kubwera, ndipo nkhalambayo ibwerera kumudzi wa odwala kumene inatsekeredwa kuyambira utsikana wake. Lamulo lopatula anthu otere linathetsedwa ku Japan mu 1996, koma mantha anatsala m'mitima.

Mphamvu ya chithunzichi ili pa mphika. Kawase atichedwetsa dala pa nthunzi ndi pa manja a wophika, kuti pamene ogula athawa, ife tikhale titawakonda kale manja amene iwo anyansidwa nawo. Wopenya wothamanga mtima adzati palibe chochitika. Aiwala kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Chofooka chili kumapeto, pamene mawu otsazika a Tokue alongosola zimene mphika unanena kale bwino lomwe.

Kuno ku Zomba nkhaniyi si yachilendo. Ku Likwenu, patsinde pa phiri la Malosa, amishoni a U.M.C.A. anasungako odwala khate, ndipo akuluakulu athu adziwa kuti munthu wotere ankadya payekha. Lero khate lichizika ndi mankhwala, ndipo wochira sapatsira mnzake. Komabe tsankho lasamukira pa mwana wakhunyu ndi wachialubino.

Chifukwa chake, inu amene mukonzekera uphunzitsi, tengani maphunziro awiri. Pophunzitsa kulemba chimangirizo, onetsani ana kuti kuphika nyemba ndi nkhani yokwanira ngati wolemba apenyetsetsa. Ndipo pa nthawi yopuma, penyani mwana amene anzake akana kudya naye mbale imodzi, pakuti pamenepo mpamene mudzi udziwika.