Gule wa Mlatho wa Maunyolo

M'caka ca 1825 anthu a mu mzinda wa Vienna, m'dziko la Austria, anatsiriza kumanga mlatho wacilendo pa ngalande ya mtsinje wa Danube. Mlathowo sunakhazikike pa mizati ya pakati pa madzi ai, koma unalenjekeka pa maunyolo acitsulo, ndipo anaucha Sophienbrücke. Patapita zaka zitatu, m'caka ca 1828, mnyamata wina woimba zeze wa Azungu, dzina lace Johann Strauss, anapeka nyimbo yovinira naicha Kettenbrücke-Walzer, ndiko kunena kuti gule wa mlatho wa maunyolo. Iyeyu ndiye atate wa Strauss uja anapeka nyimbo yochuka ya Danube mu 1867.

Tsono funso nali: kodi nyimboyi iulemekezadi mlathowo? Munthu woimvetsera ndi mtima wofuna kumva kulira kwa nyundo kapena mkokomo wa madzi adzagwiritsidwa mwala, pakuti zimenezi mulibemo. Ndi waltz cabe, gule wovina mwamuna ndi mkazi atagwirana, nazungulira potsata kugunda kutatu, koyamba kolemera, kuwiri kotsatira kopepuka. Ndiponso nyumba yovinira imene Strauss anaimbamo, ku Leopoldstadt, inali ndi dzina lomwelo la mlatho wa maunyolo. Kotero sikulakwa kuganiza kuti mnyamatayo, amene anali asanakwanitse zaka 25, anali kusamala za mwini nyumba ndi makobiri a ovina koposa nchito ya amisiri.

Komabe kumtsutsa pa cifukwa cimeneci nkumuweruza mopyola. Waltz wa masiku amenewo sanali nyimbo imodzi yaitali, koma tinyimbo tatifupi tolumikizana, kena kakatha kena nkuyamba. Luso lonse lagona polumikizira, kuti phazi la wovina lisadodome. Apa mpamene Strauss aonetsa mphamvu yace, pakuti kugunda kwace nkwakuthwa, kosalola munthu kukhala pa mpando. Cimene cisowa ndi kukoma kofatsa kwa Joseph Lanner, amene Strauss anayamba waimba m'gulu lace. Tinyimboti titha msanga tisanafike pamtima.

Mlatho wa maunyolowo anaupasula caka ca 1873 cisanafike, namangapo wina wolimba. Pamalopo lero pali Rotundenbrücke, ndipo ocepa mwa oolokapo adziwa kuti panali maunyolo.