Nkhope yomvetsera: amayi a zisudzo pa nsanja ndi pa kanema

Ntchito ya mayi wa zisudzo ili pawiri: kulankhula mawu amene wapatsidwa, ndi kukhala pamaso pa anthu pamene mnzake akulankhula. Yoyambayo ndiyo imene owonera, oweruza mipikisano ndi atolankhani a m'Malawi amaiombera m'manja. Yachiwiriyo siitchulidwa n'komwe, chonsecho ndiyo imadya nthawi yochuluka ya sewero lililonse. Ngakhale amene watenga mbali yaikulu amathera mphindi zambiri mawu ali m'kamwa mwa wina, ndipo zimene amachita ndi maso, khosi, zala ndi mpweya pa nthawi imeneyo ndizo zimasiyanitsa katswiri ndi munthu amene wangoloweza mawu pamtima. Chokhumudwitsa n'chakuti muyezo umene wazika mizu ndi wa phokoso. Wolira mokuwa, wodzigwetsa pansi, wokalipa mpaka mitsempha ya pakhosi kuima, ndiye amanenedwa kuti amatha.

Muyezo umenewu sunachokere kumudzi. M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kumene Gule Wamkulu akadali wamphamvu, sewero silinayambe lakhala la wovina yekha. Gule ameneyu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, amavinidwa ndi amuna, ngakhale chilombo chitakhala chachikazi ngati Maliya. Koma bwalo limagwidwa ndi amayi. Iwo ndiwo amayimba, kuomba m'manja, kuthawa chilombo chikawalunjika ndi kubweranso chikabwerera, ndipo ukali wa chilombo umaonekera pa matupi awo. Ku chinamwali, anamkungwi amaphunzitsa ndi nyimbo ndi zochitika, namwali ali chete mutu woweramitsa, maso a onse ali pa iye kuona ngati malangizo akulowa. Pa nthano za madzulo, agogo sapitirira ana asanavomere kuti "tili tonse". M'zonsezi womvetsera ali m'kati mwa sewero, sali kunja kwake.

Sukulu yaikulu ya luso limeneli ndi bwalo la milandu. Pa mlandu wa banja kwa nyakwawa, mayi amakhala pansi miyendo atatambasula, ankhoswe a kuchimuna akufotokoza mbali yawo. Mwambo sumulola kudula mkulu pakamwa. Mayiyo amatola kachitsotso n'kumalemba pa dothi. Bodza likanenedwa, kachitsotso kaja kamaima. Dzina la mkazi wina amene akuyenda ndi mwamuna wake likatchulidwa, amakoka m'mphepete mwa chitenje n'kuphimba maondo amene anali ophimbika kale. Sanalankhule kalikonse, koma aliyense pa bwalopo wadziwa pamene pakumupweteka ndi pamene akukana. Mayi wa zisudzo amene angabweretse kachitsotso kameneka pa nsanja wapeza chinthu choposa misozi ya sewero lonse.

Phokoso linabwera ndi njira zimene zisudzo zamakono zinadzera. Wayilesi ya MBC inakulitsa masewero okondedwa monga Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino, koma pa wayilesi munthu wokhala chete ndi munthu woti palibe, choncho aliyense anaphunzira kudzaza mpata ndi mawu. Mpikisano wa masewero a m'sukulu za sekondale wa ATEM, umene unayamba mu 1969, unkachitika m'Chingerezi m'maholo opanda zokuzira mawu, ndipo mtsikana ankaphunzitsidwa kutchula bwino ndi kufikitsa mawu ku benchi yakumbuyo. Zimenezo n'zofunika, koma mtsikana yemweyo akamaliza chiganizo chake ankaima ngati mtengo kudikira chiganizo china. Gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College, m'manja mwa aphunzitsi ngati Chris Kamlongera ndi David Kerr, linatengera zisudzo za Chichewa kumidzi m'zaka za m'ma 1980 ndi cholinga choti anthu azikambirana okha mavuto awo. Cholingacho chinali chabwino. Zimene zinatsatira pambuyo pake, masewero a uthenga atachuluka, ndizo zinawononga zambiri.

Pa Mponela, pa Madisi kapena pa Malomo tsiku la msika, kagulu ka achinyamata kamatsegula bwalo ndi ng'oma, kenako n'kuonetsa sewero la nkhanza za m'banja. Mwamuna amalowa akudzandira. Mkazi amayamba kukuwa mwamunayo asanatukule n'komwe dzanja, amagubuduka pa fumbi, chitenje n'kumasuka, khamu n'kufa nazo ndi phwete. Pamapeto wina amatenga chimkuzamawu kufotokoza phunziro la sewerolo. Mtsikanayo amayamikiridwa kuti wasangalatsa anthu, koma amayi amene aimirira kumbuyo ndi madengu pamutu, amene ena mwa iwo nkhanza zimenezi amazidziwa ndi thupi lawo, sanadzionemo. Mkazi amene amamenyedwa kawirikawiri amamvetsera mapazi a mwamuna akadali pa msewu, amadziwa za usikuwo pa kagogodedwe ka chitseko, amabisa mpeni wa ndiwo mwakachetechete. Kuchotsa zimenezi n'kuikapo kugubuduka ndi kunamiza owonera za moyo wawo womwe.

Dzina limene silingadumphidwe pa mbiri ya amayi a zisudzo m'Malawi ndi la Gertrude Webster Kamkwatira. Iye anakulira luso m'gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre, limene Du Chisiza Jr analiyambitsa mu 1987 ndipo linali loyamba m'dziko muno kudya za zisudzo ngati ntchito. Masewero a Chisiza anali a Chingerezi chosefukira, a ziganizo zitalizitali zimene mwini wake ankazitsanula yekha pa nsanja. Mayi woima pambali pa munthu wotere anali ndi ntchito yovuta kuposa imene anthu ankaiganizira: kukhalabe wamoyo mphindi zambirimbiri opanda chonena, holo yonse ikumuona. Pa nsanja kumvetsera sikungachitike ndi maso okha, chifukwa wokhala kumbuyo sawaona. Kumachitika ndi msana, ndi phewa limene latembenukira kumbali, ndi phazi limene linafuna kuchoka koma lakhala.

Chisiza atamwalira mu 1999, Kamkwatira anatsogolera Wakhumbata, kenako anayambitsa gulu lakelake la Wanna-Do Ensemble Theatre. Analemba, anatsogolera ndi kusewera masewero ake, mwa iwo It's My Fault, Jesus' Retrial ndi Breaking the News, ndipo anakhalapo wapampando wa National Theatre Association of Malawi. Nkhanza za m'banja ndi Edzi zinali pakati pa nkhani zake. Kufunika kwake n'kwakuti cholembera chinafika m'manja mwa munthu amene anadziwa kuchokera m'kati zimene mayi amachita pa nsanja akapanda kupatsidwa mawu. Anamwalira mu 2006 ali ndi zaka pafupifupi 40, mafilimu a m'Malawi asanaphuke, ndipo zisudzo za dziko lino zinataya mphunzitsi pa nthawi imene zinkamufuna kwambiri.

Kamera inasintha muyezo wonse. Chimene pa nsanja chimafuna phewa, pa kanema chimafuna chikope chokha. Filimu ya Shemu Joyah ya Seasons of a Life inapereka umboni woyamba wooneka bwino. Flora Suya anasewera Sungisa, mtsikana wantchito amene bwana wa nyumba anamupatsa mimba, mwana n'kuleredwa ndi banja la bwanayo, iye n'kudzabwera patapita zaka ataphunzira zamalamulo kudzamenyera mwana wake. Wantchito sayankha abwana. Choncho gawo loyamba la mbali imeneyi ndi la munthu amene akuuzidwa zochita, akunamizidwa, akukonzeredwa tsogolo ndi ena, ndipo Suya analinyamula ndi nkhope yosachita zambiri koma yosasowa kanthu. Mawu amphamvu a m'khoti kumapeto amagwira mtima chifukwa owonera akhala akuona mawuwo akumezedwa kuyambira pachiyambi. Pa mphotho za Africa Movie Academy Awards za 2010, Suya anali m'gulu la opikisana pa amayi osewera bwino mbali yaikulu, ndipo Tapiwa Gwaza wa m'filimu yomweyo anapambana pa mbali yothandizira. Mu The Last Fishing Boat ya 2012, Suya anasewera Abiti Anefa, mkazi wachitatu wa msodzi wa ku Mangochi, mayi winanso amene mwambo umamuika pomvera kuposa polankhula.

Mafilimu ambiri otsanzira a ku Nigeria, odzaza ndi apongozi otuzula maso ndi nyimbo yoliza pa chiganizo chilichonse, sanaonjezepo kanthu pa luso limeneli. Koma vuto lina silili mwa osewera. Lili pa kompyuta ya wolumikiza zithunzi, amene amathamangira nkhope ya aliyense amene watsegula pakamwa. Mayi angamvetsere mwaluso chotani, ngati kamera yamuchoka, ntchito yake yathera pansi. N'chifukwa chake n'zofunika kuti amayi amene anadutsa pa nsanja afike potsogolera okha mafilimu, monga anachitira Joyce Mhango Chavula, amene filimu yake ya Lilongwe inapambana mphotho ya Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2016 pa mafilimu a kummwera kwa Africa. Wotsogolera amene anaimapo chete pa nsanja amadziwa nthawi yosiya kamera pa amene akumva.

Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019 imaphunzitsa mbali ina ya nkhaniyi. Ndi mbiri ya William Kamkwamba, amene anabadwira ku Dowa mu 1987 n'kukulira ku Wimbe m'boma la Kasungu, ndipo imaonetsa njala ya 2001 ndi 2002 imene anthu a chigawo chapakati sanaiiwale. Amalawi anadandaula kwambiri za Chichewa cha Chiwetel Ejiofor ndi Aïssa Maïga, amene anasewera makolo a William. Dandaulolo linali loona, koma linathera pa katchulidwe. Chovuta chachikulu chinali chakuti munthu sangamvetsere m'chilankhulo chimene wangochiloweza. Amadikira chiganizo chithe kenako n'kuonetsa kukhumudwa, pamene mwini chilankhulo amalasidwa pa liwu lenileni lolasalo. M'Chichewa muvi nthawi zambiri umabisala m'kaitanidwe. Mwamuna amene zaka zonse amati "inu" kwa mkazi wake akangoti "iwe", ukwati wagwedezeka chiganizo chisanathe, ndipo nkhope ya mkaziyo iyenera kusintha pomwepo. Lily Banda, amene anasewera Annie, mlongo wake wa William, anali ndi mwayi umenewu wa mwini chilankhulo. Kuganiza kwa Annie zothawa ndi mphunzitsi kuti pakhomo pachepe pakamwa pamodzi kumaoneka kukukula mwa iye pamene akumva makolo akukambirana za chakudya, iye asananene chilichonse.

Kunja kwa Africa, chitsanzo choyenera kuchiphunzira ndi Viola Davis wa ku America, amene anabadwa mu 1965 ndi kuphunzira zisudzo ku Juilliard. Iye anasewera mbali imodzi m'malo onse awiri: Rose wa mu Fences, sewero la August Wilson, pa nsanja ya Broadway mu 2010 ndi mu filimu mu 2016, limodzi ndi Denzel Washington. Pa nsanja anapata Tony, pa filimu anapata Oscar. Chimene anthu amachikumbukira ndi kulira kwa Rose, misozi ndi mamina zili chuchuchu, atamva kuti mwamuna amene wakhala naye m'banja zaka 18 wapereka mimba kunja. Osewera achitsikana amatsanzira kulirako, ndipo apa ndi pamene amasocherera. Kulirako kuli ndi mphamvu chifukwa cha zimene zachitika kusanafike: Rose wakhala akuyanika zovala, kuphika ndi kuseka nthabwala zimene wazimva kambirimbiri, mwamuna akulankhula osapuma. Ndipo malo olemera koposa ndi amene mwamunayo abwera ndi khanda la malemu mkazi winayo m'manja, akuchonderera, Rose ali chete akuyeza zimene achite.

Kukhala chete pakokha si luso. Nkhope yopanda kanthu ndi yoipa mofanana ndi yokuwa, ndipo ilipo yambiri m'mafilimu a masiku ano, imene eni ake amaiyesa ulemu wa kamera. Kusiyana kwake kuli m'mutu. Womvetsera weniweni amaiwala dala kuti akudziwa chiganizo chotsatira, amakhala ndi yankho limene akufuna kupereka koma akuletsedwa, ndipo mpweya wake umasintha ndi zimene wamva. Njira yachidule yophunzitsira zimenezi ndi kupatsa manja ntchito yeniyeni. Mtsikana wa ku Nambuma kapena ku Mvera amadziwa kupeta mphale, kutong'ola chimanga ndi kusoka fodya m'chigafa. Pokonzekera sewero apatsidwe lichero la mphale yeniyeni, mnzake ayambe kumuuza uthenga wa maliro. Lichero lidzachedwa lokha, lidzaima, mwina lidzayambiranso mofulumira kuposa poyamba, ndipo wotsogolera sadzafunika kumuuza kuti aonetse chisoni. Oweruza mipikisano nawonso angathe kuchotsa maso pa wolankhula kwa mphindi imodzi n'kuona ngati enawo akadali m'sewero.

Malo amodzi m'boma la Dowa amayesa luso limeneli mosanyengerera. Ku Dzaleka, kumene kale kunali ndende ya andale ndipo kuyambira 1994 ndi msasa wa anthu othawa kwawo, kumachitika chikondwerero cha Tumaini chimene Trésor Nzengu Mpauni, wodziwika kuti Menes La Plume, anachiyambitsa mu 2014. Pa nsanja zake pamadutsa oyimba, alakatuli, ovina ndi a zisudzo, pamaso pa khamu la olankhula Chiswahili, Chirundi, Chinyarwanda, Chifalansa ndi Chichewa. Chilankhulo chilichonse chimene sewero lasankha chimasiya gawo lina la khamulo kunja. Amene sakumva mawuwo amasiya kuyang'ana wolankhula n'kutembenukira kwa mayi amene akuuzidwayo, ndipo kuchokera pa mapewa ndi manja ake amadziwa ngati uthenga wabwerawo ndi wa ukwati, wa ngongole kapena wa imfa.