Olemba pa ngolo

Ngolo zonyamula fodya ku Kasungu timaziona tsiku ndi tsiku, koma ndani amaima n'kuwerenga kumbuyo kwake? Pena palembedwa Ebenezeri, pena Salimo 23, pena pajambulidwa nkhunda ya Nowa italuma tsamba. Mmisiri wake alibe ngakhale shopu. Ali ndi kachitini ka penti wofiira, burashi yothothoka ubweya, ndi dzanja losanjenjemera pa thabwa lokhakhala lomwe limamwa penti ngati mchenga. Amayamba wayeza ndi chala, kuopa kuti chilembo chomaliza chingapanikizike m'mphepete. Popanda iyeyu, mlimi wotumiza mabelo ku Chinkhoma, mtima uli m'mwamba ndi mitengo ya pamsika, akanasowa ponenera chikhulupiriro chake, ndipo Baibulo likanangokhala m'chikwama kudikira Lamulungu.