Mdzukulu wa Mayi Drew

Ethel Barrymore anakulira ku Philadelphia, m'nyumba ya agogo ake aakazi, a Louisa Lane Drew, momwe zisudzo zinali ntchito yodyetsa banja. Agogowo anabadwira ku London mu 1820, anawoloka nyanja ali kamwana, ndipo kuyambira mu 1861 anayendetsa Arch Street Theatre kwa zaka zoposa 30, pa nthawi imene mkazi wolemba amuna ntchito ndi kuwalipira anali wosowa. Anatchuka ndi gawo la Mayi Malaprop m'sewero la Sheridan lotchedwa The Rivals, mayi wodzimva amene amasokoneza mawu akuluakulu. Ambiri akanalisewera mokokomeza kuti holo iseke. A Drew ankalisewera ndi ulemu wonse, nkhope ili gwa, osasonyeza n'komwe kuti pali choseketsa, ndipo anthu ankafa nazo nseko chifukwa cha chomwecho.

Ethel, yemwe mayi ake, Georgiana, anamwalira mu 1893 iye ali ndi zaka 13, anayambira m'gulu la agogo akewo. Anapita ku London komwe anasewera ndi Henry Irving, nabwerera ku New York komwe sewero la Captain Jinks of the Horse Marines linamutchukitsa mu 1901. Mu 1928 nyumba ya zisudzo ya ku Broadway inapatsidwa dzina lake, ndipo filimu ya None But the Lonely Heart ya mu 1944 inamubweretsera mphoto ya Oscar.

Koma amene akufuna kuona chimene anayamwira pakhomo paja aonere The Spiral Staircase ya mu 1946. Ethel ndi Mayi Warren, nkhalamba yodwala m'nyumba yaikulu, m'tauni momwe wina akupha atsikana olumala. Pafupifupi filimu yonse ali gone pabedi. Miyendo yamulandidwa, manja ali pa bulangete. Watsala ndi maso, mawu ndi mpweya. Zimenezi zinamukwanira.

Helen, wantchito wosalankhula yemwe Dorothy McGuire akusewera, akamakonza m'chipindamo, mayiyu amaoneka ngati ali m'tulo. Kenako chikope chimatukuka pang'ono, diso n'kuyamba kulondola mtsikanayo, mutu osasuntha. Woonera amazindikira pomwepo kuti wofookayu ndiye akudziwa zonse za m'nyumbamo. Akamauza Helen kuti achoke usiku womwewo, sakuwa ndipo sachonderera ndi misozi. Mawu ake, akuya ndi osasa pang'ono, amatuluka mwapang'onopang'ono, ndipo amalalata ngakhale ali ndi mantha. Apa ndi pamene ndimamugomera kwambiri: sapempha woonera kuti amumvere chisoni. Mayi Warren ndi waukali, wovuta kumusamalira, wonyoza namwino wake, ndipo Ethel safewetsa khalidweli ngakhale pang'ono. Chikondi chake pa Helen chimaonekera m'kukalipa komweko.

Kudziletsa konseku kuli ndi kumene kukupita. Chakumapeto, pamene wakuphayo, yemwe ndi mwana wa malemu mwamuna wake, watsekereza Helen, nkhalamba imene sinadzukepo imaonekera itaima pamwamba pa masitepe, mfuti ili m'manja. Ethel sathamanga ndipo sasintha nkhope. Amawombera kangapo, ndipo Helen, amene sanatulutsepo mawu chiyambire ubwana wake, amakuwa.