Kathumba ka mazira m'kamwa mwa Wilbur

Buku la ana lotchedwa Charlotte's Web, limene E. B. White anatulutsa mu 1952, limayamba ndi nkhwangwa. Bambo Arable ainyamula m'mamawa kupita kukhola kukapha kamwana ka nkhumba kofooka, ndipo mwana wawo wa zaka zisanu ndi zitatu, Fern, awathamangira akulira n'kuigwira nkhwangwayo. Kankhumbako kapulumuka, kapatsidwa dzina loti Wilbur. Wolemba wakuuziratu pa tsamba loyamba kuti imfa ili pafupi, ndipo mwana amene akuwerenga sanamizidwa mpaka buku kutha.

White ankaweta nkhumba pa famu yake ku North Brooklin, m'chigawo cha Maine ku America. Mu 1948 anatulutsa nkhani yeniyeni ya nkhumba yake imene inadwala, iye n'kuichezera usiku angapo, koma inafa ndithu. Ndikawerenga buku la Wilbur ndimaona munthu amene chisoni chija chinamukhala mumtima, akufuna kupulumutsa nkhumba ina papepala. Amene anamusankha kuti aipulumutse ndi kangaude wamkazi wotuwa, Charlotte, wokhala pamwamba pa chitseko cha khola la a Zuckerman, kumene Wilbur akukhala.

M'nthano zathu za pamoto, nyama ziwiri zosiyana zikapalana ubwenzi timadziwiratu kuti wina apusitsidwa, monga amachitira kalulu kwa fisi. White anayenda njira ina, koma sanamukometsere kangaudeyo kuti tifulumire kumukonda. Tsiku loyamba kukumana, Charlotte akukulunga ntchentche ndi ulusi wake n'kufotokoza mosabisa kuti amamwa magazi a tizilombo. Wilbur thupi lichita tsemwe, ayamba kukayika ngati bwenzi lotere n'labwino. Mtima wake udzakhazikika pambuyo pake poona ntchito. Nkhosa yokalamba itaulula kuti Wilbur akumunenepetsa kuti adzaphedwe nyengo ya Khirisimasi, Charlotte agwira ntchito usiku wonse, kuluka mawu oyamikira nkhumbayo mu ukonde wake. Anthu abwera kuchokera kutali kudzaona chozizwitsa, ndipo palibenso wofuna kunola mpeni. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, akuluakulu anatero, ndipo kangaudeyu anazimira ndi ulusi wa m'mimba mwake.

Luso lalikulu la White ndimalipeza pa chionetsero cha zaulimi, kumene Wilbur walandira mphoto yapadera ndipo moyo wake watetezeka. Charlotte waikira mazira 514 m'kathumba ka ulusi, mphamvu zamuthera, sangathenso kubwerera kukhola. Wolemba anaphunzira bwino moyo wa akangaude a m'makhola, amene amaikira mazira nyengo yozizira ikamayandikira kenako n'kufa, ndipo sanapotoze chilengedwe pofuna kuti tisalire. Wilbur adzigwetsa pansi ndi kulira, koma nthawi ndi yochepa, anthu akulongedza katundu. Apempha khoswe wadyera, Templeton, kuti akwere akadule kathumbako, n'kumulonjeza kuti kuyambira tsikulo azikhala woyamba kudya m'chodyera chake. Khosweyo atatsitsa kathumbako, Wilbur alibe pokaika pena koma m'kamwa, pamwamba pa lilime.

Taonani zimene White wachita. Nkhumba yolongololayi, imene yakhala ikudandaula buku lonse, ifika pa mphindi yotsazika bwenzi lake pakamwa patadzaza. Singayankhule, chifukwa ikayasamula ana a mnzake awonongeka. Ingomutsinzinira diso. Charlotte atukula mwendo umodzi wakutsogolo kubayibitsa. Tsiku lotsatira amwalira yekhayekha pabwalo la chionetsero, anthu ataphwasula misasa yawo n'kupita. Wolemba anena zimenezi m'mizere yowerengeka yokha, chifukwa chisoni chonse wachiika kale m'kamwa mwa nkhumba monga katundu woti anyamulidwe mosamala mpaka kunyumba.

Amene analirapo maliro amadziwa kuti chimene chimamudzutsa munthu pamphasa kawirikawiri ndi ntchito imene malemu asiya, kaya ndi munda wofuna kupalira kaya ana ofuna phala. Wilbur asunga kathumbako pakona ya khola nyengo yonse ya chisanu, usiku wozizira n'kumakauzira mpweya wake wofunda. Kukayamba kutentha tiakangaude tituluka tambirimbiri, ndipo patangopita masiku ochepa tiponya ulusi m'mwamba, mphepo n'kutitenga. Wilbur aferedwanso kachiwiri, alira mpaka tulo. Atadzuka madzulo apeza kuti atatu atsala pachitseko paja, ndipo mayina awo akhala Joy, Aranea ndi Nellie.

Apa wolemba wina akanati bala lapola, malo a Charlotte adzazidwa. White akana. Atiuza kuti Wilbur anawakonda anawo ndi adzukulu amene ankabadwa chaka ndi chaka, koma palibe analowa m'malo mwa mayi wawo mumtima mwake. Mwana amene anataya agogo ake kapena galu wake amadziwa kuti zimenezi n'zoona, ndipo amalikhulupirira buku limene lamuuza choncho. Amaphunziranso kwa Wilbur kuti munthu angathe kumusowa mnzake moyo wake wonse, uku akudya, akuothera dzuwa ndi kulera ana amene mnzakeyo anamusiyira.