Nyimbo za Joe Hisaishi ndi Kupukwa Ubwana

Kanema wa zithunzi zojambula wa Hayao Miyazaki, dzina lake Spirited Away (2001), ayamba ndi kamtsikana, Chihiro, kali cigonere m'galimoto pa ulendo wosamuka, katafumbata maluwa amene anzake anakatsazika nawo. Apa wopeka nyimbo, Joe Hisaishi, amene wagwira nchito ndi Miyazaki ciyambire 1984, sautsa zoimbira zonse ai. Atsogoza piyano, nayenda naye pang'ono pang'ono, napumira monga acita munthu wokumbukira kwao.

Koma gwero lina la kupukwaku lili m'sukulu. Kuyambira zaka za m'ma 1880, ana a ku Japan anaphunzitsidwa nyimbo zambiri zoyenda pa mau asanu okha, d r m s l, zosiya f ndi t. Kawiri kawiri Hisaishi atsamira maimbidwe omwewo, kotero kuti nkhalamba ya ku Tokyo imva mau a kalasi lake loyamba m'nyimbo imene sinaimvepo nkale lonse.

Cofooka cake ncakuti pena acurutsa mavayolini, nakakamiza misozi imene piyano akanaigwetsa yekha.