AGOGO OIWALA: ZA KABUKU KA FREDRIK BACKMAN

Mabuku osimba za imfa ya nkhalamba alipo ambiri, koma ngowerengeka amene asimba za nkhalamba yoyamba kucoka pakati pa abale ace thupi likali lamoyo. Limodzi la mabuku otere ndilo kabuku ka Fredrik Backman, mlembi wa ku Sweden wobadwa m'caka ca 1981, amene anachuka ndi buku lace loyamba, A Man Called Ove, la m'caka ca 2012. Kabukuka kanatuluka m'cinenero ca kwao mu 2015, ndipo mu 2016 Alice Menzies anakatembenuzira m'Cingerezi ndi dzina lakuti And Every Morning the Way Home Gets Longer and Longer, ndiko kunena kuti m'mawa uli wonse njira ya kwao inka nitalika. Masamba ace safika 100, kotero kuti munthu akhoza kukatsiriza madzulo amodzi. Koma funso lace nlolemera: kodi mdzukulu alemekeza bwanji agogo ace pamene iwo ayamba kuiwala ndi dzina lace lomwe?

Nthenda ya agogo a m'nkhaniyi madotolo aicha dementia. Si ukalamba wamba ai, pakuti nkhalamba zambiri zitsikira kuli cete nzeru zikali zakuthwa. Koma ndiko kuonongeka kwa bongo kumene kunka nikukula pang'ono-pang'ono. Mtundu wace wofala koposa uchedwa ndi dzina la Alois Alzheimer, dotolo wa ku Germany amene anaufotokoza mu 1906, atapima bongo wa mai wina amene anamwalira nao. Bungwe la WHO linawerengera kuti pofika 2021 odwala dementia anaposa mamiliyoni 55 pa dziko lonse, ndipo mankhwala ocizirathu sanapezeke. Kawiri-kawiri wodwala ayamba kutaya za dzulo ndi za lero, pamene za ubwana wace zikhalitsa.

Luso lalikulu la Backman lili pa malo amene aimikapo wowerenga. Mlembi wina akadamuimika pambali pa kama, kuti aone wodwala monga amuonera acibale. Backman amlowetsa m'mutu mwa nkhalambayo. Agogo ndi mdzukulu wao Noah akhala pa benchi pakati pa bwalo la m'mzinda, ndipo bwalolo ndilo cikumbumtima ca agogo: muli zinthu za moyo wao wonse, pamodzi ndi pfungo la maluwa ochedwa hyacinth amene akazi ao omwalira anali kuwakonda. Tsiku ndi tsiku bwalolo licepa. Motero wowerenga samva cisoni cokha, koma amvanso mantha amene munthu akhala nao poona kuti dziko lace lilikumthera iye ali maso.

Anthu awiriwa alumikizana ndi masamu. Apikisana kuchula nambala yosatha ija ya pi, yoyamba ndi 3.14, ndipo kale agogo anali kumtengera mnyamatayo kumalo acilendo atatsinzina, namupatsa mapu ndi kampasi kuti apeze yekha njira ya kwao. Apa mlembi anasankha bwino, pakuti amene anaphunzitsa mwana kusasokera ndiye tsopano asokera m'mutu mwace momwe. Cimodzi-modzinso cingwe cimene agogo anali kumanga pa mkono wa Noah akacita mantha usiku m'hema, kuti akoke akafuna munthu: pomarizira pace Noah, atakula, ndiye acita za cingweco kwa agogo ace. Mlembi salalikira za kubwezera cikondi. Angoonetsa cingwe cokha, ndipo cikwanira.

Koma mtima weni-weni wa nkhaniyi uli pa munthu wacitatu, ndiye Ted, mwana wa nkhalambayo ndi atate wa Noah. Ted anakonda mau ndi gitala, osati masamu, ndipo atate ace, pokhala otanganidwa ndi nchito, sanamvane naye pa ubwana wace. Cifatso cimene mwana anacisowa cinadzagwera mdzukulu. Tsono nthenda ifika mlanduwo usanathe, ndipo nthawi zina nkhalambayo iona Ted ngati akali kamnyamata ka pa sukulu. Pano buku linena zoona zimene ambiri aziopa: kuti munthu wofunika kumlemekeza sakhala wosalakwa, ndi kuti wina ayenera kusamala kholo limene silingathenso kupepesa. Pakadapanda Ted, kabukuka kakadakhala uci wokha-wokha wolakwitsa m'mimba.

Ngakhale zili tero, zofooka zilipo, ndipo nkoyenera kuzichula. Coyamba, agogo a Backman alankhula mwanzeru kopambana za nthenda yao. Adziwa cimene cilikuwacitikira, nacifotokoza ndi mafanizo okoma. Odwala ambiri sakhala ndi mwai wotere nthenda ikakula, pakuti mau omwe ayamba kuwathawa. Caciwiri, mlembi apitirira msanga pa zowawa za tsiku ndi tsiku: kusambitsa munthu wamkulu wokana madzi, kucapa zopfunda zoipitsidwa, kulonda khomo usiku, ndi kunenezedwa kuba ndi kholo limene laiwala pamene linaika ndalama zace. Nchito imeneyi m'maiko ambiri igwera akazi ndi ana akazi, koma m'kabukuka mkazi woonekera koposa ndi wakufa kale, wobwera m'maganizo kudzatonthoza mwamuna wace. Wowerenga amene anasamalapo wodwala wotere adzaona kuti mlembi wamuonetsa misozi, nabisa thukuta.

Komabe pa cinthu cacikulu Backman sanaphonye. Noah afunsa cimene angacite kuti athandize agogo ace, ndipo yankho la buku lonse ndi lakuti nthenda sangaiimitse, koma akhoza kuyenda nao, kuwauzanso nkhani imodzi-modzi osatopa, ndi kusunga m'mutu mwace zimene iwo ataya. Ulemu wotere sudikira maliro. Nkwapafupi kutamanda munthu pa manda, pamene sangabwerezenso funso kakhumi. Cobvuta ndico kumuyankha kacikhumi ndi cimodzi ndi nkhope ya cimwemwe.

Ici ndico cifukwa cace nkhani ya ku Sweden iyenera kuwerengedwa ndi anyamata ndi atsikana a ku Chipata, Katete kapena Lusaka amene atsiriza sukulu. M'midzi ndi m'makomboni, nkhalamba yopezeka pa khomo la eni usiku, yosabvala bwino ndi yolankhula ndi akufa, nthawi zina ichedwa mfiti, ndipo ena amenyedwa kapena kupitikitsidwa cifukwa ca mbiri yotere. Wowerenga amene wakhalapo pa benchi ija pamodzi ndi Noah sadzafulumira kutola mwala. Adzayamba waganiza kuti kapena munthuyo alikufuna nyumba imene anakhalamo zaka 50 zapitazo, ndi kuti cimene asowa ndi womgwira dzanja ndi kupita naye kucipatala.

Makolo anati, “Akulu-akulu ndi m'dambo mozimira moto.” Kabukuka kafunsa cimene ana acita dambolo likayamba kuphwa. Makolo omwewo anayankha kale ndi mwambi wina, wakuti “Mako ndi mako angacepe mwendo,” ndipo Backman aonjeza kuti agogo ndi agogo zingacepe nzeru. Kabuku kace sikaphunzitsa kasamalidwe konse ka wodwala, ndipo wofuna zimenezo afunse a cipatala. Koma kaphunzitsa kuona munthu m'kati mwa nthenda, ndipo pa cifukwa cimeneci kayenera malo pa shelefu ya nyumba iri yonse imene muli nkhalamba.